Achemwali anu apite kuchipatala lero

Mayi, mwati achemwali anu anawachepetsa chifu ku Johannesburg kuti aonde, ndipo chibwerereni ku Ulongwe akungosanza, akuyenda modzandira, mayina a ana akuwaiwala. Nkhaniyi yandidetsa nkhawa. Musataye nthawi kwa asing'anga, thamangirani nawo kuchipatala, ngakhale mpaka ku Tete.

Munthu akamasanza chonchi, vitamini B1 amatha m'thupi pa milungu 2 kapena 3 yokha, ubongo n'kuyamba kuwonongeka. Muwauze adokotala za opaleshoniyo, muwakumbutse za jekeseni wa B1 asanaike diripi ya shuga. Achemwali anuwo muwayang'anenso m'maso. Ngati muli chikasu, mwina chiwindi chikulephera kuchotsa amoniya (poizoni amene thupi limapanga lokha) m'magazi, ndipo amoniyayo akafika ku ubongo munthu amakomoka.

Mapepala onse a ku Joni muwanyamule, chonde.