Tifunseni za Pakhomo: doilo lopindika, chigumu chowawa ndi nyenyezi za Khirisimasi

Mvula yayamba kugunda malata, mango adzaza misika ya Limbe ndi Ndirande, ndipo makalata ambiri a mwezi uno akununkhira kale Khirisimasi. Tasankhapo awa.

Ndikuluka madoilo a crochet oti ndiyale pamipando alendo asanafike. Loyamba lapindikira m'mwamba ngati mbale ya ndiwo, lachiwiri lachita mafunde m'mphepete. Ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ku Chilomoni

Amayi, mavuto awiriwa ndi pachibale. Choluka chozungulira chimagona bwino patebulo ngati mzere uliwonse ukukula pamlingo wake. Masitichi akachepa, mphepete imafupika n'kukokera m'mwamba, ndiye mbale ija. Akachuluka, mphepete imasowa pogona n'kuyamba kuvina.

Mlingowo ndi uwu. Pa sitichi yayitali, ija mumayamba mwakulunga ulusi pa singano musanalowetse, ikani masitichi 12 m'kamphete ka pakati. Mzere wachiwiri lukani awiri pamwamba pa sitichi iliyonse, akwane 24. Wachitatu lukani imodzi payokha, kenaka awiri pamalo amodzi, choncho mpaka kuzungulira, akwane 36. Wachinayi awiri paokhapaokha, kenaka awiri pamalo amodzi, akwane 48. Mzere uliwonse mukuwonjezera 12 basi. Pa sitichi yaifupi, yolowetsa singano osakulunga, mumayamba ndi 6 n'kumawonjezera 6: 12, 18, 24, 30. Pa sitichi yayitali ija, matcheni 3 okwerera mzere watsopano muwawerenge ngati sitichi yoyamba. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amaluka matcheniwo, n'kulukanso 12 ena, kamphete kamakhala ndi 13, ndipo doilo likhoza kuyamba kuchita mafunde.

Ngati mwawerenga ndipo zonse zakwana koma likupindikabe, ndiye kuti dzanja lanu limakoka ulusi kwambiri, makamaka pa matcheni a maluwa a m'mphepete. Tengani singano yokulirapo pang'ono. Ulusi woonda wa thonje wa nambala 10 umayenda ndi singano yachitsulo ya mamilimita 1.5 kapena 1.75; wulu wamba wolukira majuzi umafuna ya mamilimita 4. Ndipo musamawonjezere masitichi pamalo omwewo mzere uliwonse, chifukwa doilo limatuluka ndi makona. Muzisuntha powonjezerapo.

La mbale lija, ngati langopindika pang'ono, linyowetseni ndi kulitambasula ndi mapini, ligona. La mafunde silimva zimenezo. Masulani mpaka pamzere womwe unali wogona, muyambirenso pamenepo. Zimawawa, koma ulusi wake suwonongeka.

Agogo anga ankaumitsa madoilo ndi madzi a shuga. Ine ndayesa, m'mawa ndapeza nyerere zadzaza ndipo doilo likumata. Nyenyezi zomwe ndalukira mtengo wa Khirisimasi nazonso zangoti lende. — Mtsikana wa ku Zingwangwa

Achemwali, agogo sanalakwe, koma shuga amagwira bwino ntchito m'chilimwe, mu Seputembala ndi Okutobala. Shuga amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo Disembala wa ku Blantyre ndi wa chinyezi chokhachokha. Chapani doilolo m'madzi ofunda, shuga yense achoke, mugwiritse ntchito sitachi.

Sungunulani supuni yaikulu 1 ya cornflour (sitachi ya chimanga yogula kusitolo, osati ufa wa nsima) m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'kapu 1 ya madzi owira, takasani pamoto mpaka phalalo lisiye kuyera n'kuyamba kuonekera mkati. Cornflour akasowa, chinangwa chilipo: sendani, perani kuti chikhale chosalala, thirani madzi, finyirani m'kansalu, madziwo muwasiye maola 2 kuti adikhe. Zoyera zotsalira pansi ndiyo sitachi, ndipo mlingo wake ndi womwewo. Likazirala phalalo, viikani doilo, finyani m'manja osapotokola, tambasulani pa katoni yomwe mwayalapo pulasitiki, kenaka bayani pini pansonga iliyonse, moyang'anizana, kuti lisapendekeke. Mapini akhale osachita dzimbiri, chifukwa banga la dzimbiri pa ulusi woyera limavuta kuchotsa. Musazule mapini lisanaumiretu. Nyengo ino zimatenga tsiku lathunthu, mwina awiri.

Nyenyezi zolendewera zimafuna zolimba koposa apa. Sakanizani guluu woyera wa akalipentala ndi madzi, theka kwa theka, viikani, pukutani wotsalira m'mabowo ndi kansalu, bayani mapini chimodzimodzi. Guluu ameneyu sachoka bwino pochapa, choncho musamuike pa madoilo a pamipando.

Onaninso ulusi womwe mwalukira. Sitachi imalowa mu thonje. Wulu wotchipa wa mumsika ndi wa acrylic, womwe ndi mtundu wa pulasitiki: suyamwa sitachi, ndipo mukaugunditsa simbi yamoto umaphwa n'kunyezimira, osabwereranso.

Shawelo yomwe ndikulukira mdzukulu wanga inayamba yotambalala, koma ikunka ichepa. Pano ikuoneka ngati siketi. — Gogo wa ku Bangwe

Agogo, mukutaya sitichi imodzi kumapeto kwa mzere uliwonse. Sitichi yomaliza imayenera kulowa pamutu pa matcheni 3 aja munakwerera mzere wapansi, ndipo mutuwo umabisala. Mukangoluka matcheniwo, kolekanipo kaulusi ka mtundu wina pa tcheni wachitatu. Pobwerera, pamene pali kaulusiko ndi pomwe mukuthera. Werengani masitichi pakatha mizere 5 iliyonse.

Shawelo ya masentimita 90 mbali zonse imadya wulu wa magalamu pafupifupi 500. Gulani wonse tsiku limodzi, muone kuti nambala ya utoto pa kapepala ka mpukutu uliwonse ndi imodzi, chifukwa woyera wa lero ndi woyera wa mwezi wamawa amasiyana mukawaika padzuwa. Poti ndi ya khanda, musasiye mabowo olowa chala, musaikepo mphonje zazitali, mikanda kapena mabatani.

Ndilibe uvuni, ndimaphika chigumu pa mbaula. Chimapserera pansi, pakati n'kukhala phala, komanso chimawawa ngati sopo. Ndikufuna cha Khirisimasi chituluke bwino. — Mayi wa ku Ndirande

Tiyambe ndi kuwawako, amayi. Ndi soda. Soda amafufumitsa akakumana ndi chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu. Akachuluka, kapena mukakanda ndi madzi okha, wotsalayo sasanduka mpweya. Amangokhala m'chigumu, n'kuchidetsa mtundu ndi kuchipatsa kukoma kwa sopo. Anthu ambiri amathira soda ndi maso, ndipo maso amanama.

Yesani mlingo uwu: mgaiwa wosefa makapu 2, ufa wa tirigu theka la kapu, nthochi zakupsa kwambiri 4, zija makoko ayamba kuda, shuga masupuni aakulu 3, mchere theka la supuni yaing'ono, dzira 1, mafuta ophikira masupuni aakulu 3, chambiko kapu 1, ndi soda supuni yaing'ono 1 yosalazidwa pamwamba ndi mpeni. Chambiko chikasowa, finyirani supuni yaikulu 1 ya mandimu m'kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Kanyani nthochi, sakanizani zonse kupatula soda, musiye mphindi 15 kuti mgaiwa umwe madzi; mgaiwa wosanyowa bwino ndiwo umachititsa chigumu kulumika ngati mchenga. Phalalo lizigwa pa mthiko mwaulesi. Likalimba wonjezerani chambiko pang'ono. Soda alowe pomalizira, mutamusungunula m'supuni ya madzi, ndipo moto ukhale utakonzeka kale, pakuti amayamba ntchito nthawi yomweyo.

Tsopano moto. Chigumu chanu chikupsa ndi moto wa pansi wokha. Tengani sefuliya yaikulu yakale, thirani mchenga wouma wa kumtsinje wokuya masentimita 3, vundikirani, itenthe pa mbaula mphindi 15. Phala likhale m'poto wina wocheperapo wopaka mafuta, ndipo lisapitirire masentimita 5 kuya kwake. Lakuya kwambiri silipsa pakati. Khazikani potoyo pamchenga osakhudza m'mbali mwa sefuliya, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena lata losalala, kenaka phulani makala. Magawo awiri mwa atatu akwere pamwamba pa chivundikiro, gawo limodzi litsale pansi. Makala a pamwambawo muwayale mozungulira m'mphepete, pakati pakhale ochepa. Musavundukule mphindi 30 zoyambirira. Pakati pa mphindi 40 ndi 50 bayani mpeni pakatikati. Ukatuluka wouma, chapsa. Chisiyeni m'poto mphindi 10 musanachikhuthule, apo ayi chinyenyeka.

Kwa ophika keke m'njira yomweyi: Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotere keke amafufuma msanga n'kugwa pakati asanalimbe. Ngati buku lanena masupuni aang'ono 2 a baking powder, chepetsani pang'ono, supuni yachiwiriyo isadzaze.

Chimodzi tikupempha ndi mtima wonse. Mvula ikagwa, musalowetse mbaula m'nyumba yotseka mazenera. Mpweya woipa wa makala suoneka ndipo sununkha; umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenaka munthu amakomoka. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo.

Mandasi anga amamwa mafuta ngati thonje. — Mnyamata wa ku Chirimba

Achimwene, mafuta anu sakutentha mokwanira, kapena mukuponyamo mandasi ambiri nthawi imodzi n'kuwaziziritsa. Ponyani kachidutswa ka ufa wokandawo: kakamira n'kukwera msanga kakuchita thovu, mafuta afika. Kakakhalitsa pansi, dikirani. Kakada pomwepo, phulani kaye, chifukwa mandasi apsa kunja okha. Mafuta akhale okuya masentimita 5 kuti mandasi ayandame, ndipo azitenga mphindi 2 kapena 3 mbali iliyonse. Pa ufa wa magalamu 500, shuga asapitirire theka la kapu; wochuluka amadetsa mandasi mkati musanapse. Mukawavuula aimikeni m'sefa, musawaunjike m'beseni lovundikira akadali amoto.

Ndimaphunzitsa Sande sukulu, ana alipo oposa 30 ndipo ndalama ndi zochepa. Chaka chatha tinaumba tinyenyezi ta ufa ndi mchere monga tinaonera pa foni, koma patatha sabata tinafewa n'kuchita chuku. Chaka chino tipange chiyani? — Mphunzitsi wa ku Machinjiri

Aphunzitsi, zomwe munaonazo anazipangira kumaiko komwe Khirisimasi imagwa m'nyengo yozizira, m'nyumba zowuma ndi moto. Kuno mchere umachita zomwe umachita m'botolo la kukhitchini mvula ikagwa: umakoka madzi. Ngati anawo akuzifunabe, sakanizani ufa wa tirigu makapu 2, mchere wosalala kapu 1, ndi madzi osakwana kapu, kuthira pang'onopang'ono. Tambasulani mopyapyala, theka la sentimita, dulani, boolani podzera ulusi, muumitse m'sefuliya ya mchenga pamoto wochepa kwambiri kwa maola 2 kapena 3, mukutembenuza, mpaka kumbuyo kuzilira mukagogoda ndi chala. Kenaka penti, ndi vanishi kawiri mbali zonse, ngakhale m'kabowo. Popanda vanishi musavutike n'komwe.

Ife tikadakonda mutasiya ufa ukhale wa mandasi. Zipangizo zabwino koposa zili pakhomo pomwepa. Makoko a mitengo ya jakaranda, aja athyathyathya olimba ngati thabwa, amagwa okha m'mphepete mwa misewu ya mumzinda muno. Tsukani, yanikani, boolani ndi msomali wamoto, ntchito imeneyi ikhale ya akulu, ndipo ana apake penti yoyera kapena yofiira ndi madontho. Sachita chuku msanga ndipo mudzawagwiritsanso ntchito chaka chamawa.

Angelo apangeni ndi makoko a chimanga. Pemphani kwa owotcha chimanga chachiwisi, muwayanike mpaka ayere. Tsiku lopanga aviikeni m'madzi ofunda mphindi 10 kuti afewe, chifukwa ouma amang'ambika. Mangani makoko 4 pamodzi kunsonga yopyapyala, atembenuzireni pansi kuti mfundo ibisale mkati, mangani ulusi masentimita 2 kuchokera pamwamba: mutu umenewo. Pindirani khoko limodzi ngati ndudu, mangani nsonga zake zonse, lilowetseni mopingasa pansi pa khosi kukhala manja, kenaka mangani m'chiuno. Khoko lina lotambalala litsineni pakati ngati gulugufe, mulimange kumsana kukhala mapiko. Auze anawo amange zolimba, poti makoko akamauma amafota ndipo mfundo zimakhwepa. Angelowo agone pamalo opita mphepo masiku 2 asanalowe m'katoni.

Atelala a mumsika amakhala ndi zigamba za zitenje zomwe alibe nazo ntchito. Dulani timizere ta masentimita 3 m'lifupi ndi 15 m'litali, ana azingomanga mfundo imodzi kamzere kalikonse pa chingwe, mothithikana. Ngakhale wa zaka 4 amatha, ndipo chingwe cha mamita 3 chimakongoletsa khomo lonse la tchalitchi. Aakulu omwe amadziwa crochet angadule zigambazo mopyapyala, sentimita 1.5, kuzilumikiza, n'kuluka timphasa toikapo mapoto amoto ndi singano ya mamilimita 8 kapena 10, kutsata mlingo wa 6, 12, 18 uja tauza mayi a ku Chilomoni. Imeneyo ndi mphatso yabwino yopita nayo kwa makolo. Pa timphasa totere sankhani zigamba za thonje lokha, chifukwa nsalu zoterera zimasungunuka poto akatentha.

Za mtengo, musatume ana kukathyola mitengo yaing'ono kuphiri. Ndirande ndi Soche ameteka kale mokwanira. Nthambi youma ya nthambinthambi, yopaka laimu, yozikidwa m'chitini cha malita 5 chodzaza mchenga ndi miyala, imanyamula zonsezi osagwa. Kulungani chitinicho ndi chitenje. Makoko ouma ndi nsalu zimayaka ngati udzu wa chilimwe, choncho magetsi akazima kandulo ikhale patebulo lina, kutali ndi mtengowo, ndipo pamtengopo muunikire ndi tochi.