Bambo anachitidwapo opaleshoni ya chifu, lero apezeka ndi khansa ya kum'mero

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Bambo ake anachitidwa opaleshoni ya zilonda za m'mimba kalekale. Chaka chino nsima inayamba kuwatsamwa, kenako mpunga, pano phala lomwe likuvuta kutsika. Ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre) atawaunika ndi kamera, apeza khansa ya kum'mero. Akufunsa ngati opaleshoni yakale ija yawatsekera chithandizo.

Achemwali, sinatseke. Koma chofunika kwambiri n'kudziwa chimene madokotala anachita nthawi imeneyo. Ngati chilonda chinangobooka n'kusokedwa, nthawi zambiri chifu chimakhala chilipo chonse. Ngati anadula mbali ina n'kulumikiza yotsalayo ku matumbo, nkhani yasintha. Fufuzani buku lawo lakale la kuchipatala, ngakhale lothothoka masamba, mupite nalo.

Dokotala akachotsa m'mero wodwala, amakonza chifu kukhala ngati paipi n'kuchikokera m'chifuwa kuti chakudya chizidutsamo. Chifucho chimadalira mtsempha wa magazi woyenda m'mphepete mwake. Chikakhala chachifupi, kapena mtsemphawo unadulidwa kale, polumikizapo sipapola. Apo amatenga gawo la thumbo lalikulu, nthawi zina laling'ono, kuti lilowe m'malo mwa m'mero. Opaleshoniyi imatenga nthawi yaitali, polumikiza pamachuluka, zipsera zakale zimamatiriranso matumbo. Munthu wowonda kwambiri sangaipirire, ndipo imathandiza pokhapokha khansa isanafalikire.

Ndisakubisireni: Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansayi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri amafika kuchipatala itakula kale. Zimandipweteka kuona anthu akutha miyezi akumwa mankhwala a zilonda pomwe chakudya chikukakamira pachifuwa. Kwa odwala otere pali stent, kapaipi ka waya kamene amakalowetsa kudzera m'kamwa kuti katsegule pothinapo. Sikachiza khansa, koma munthu amayambanso kumeza, ndipo opaleshoni yakale kawirikawiri siletsa kuikidwa kwake. Funsaninso za chemotherapy (mankhwala opha khansa) ndi radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina), chifukwa mtundu wa khansa wofala kuno, squamous cell, umamva chithandizo chimenechi. Ngati pangafunike chubu chodyetsera, akumbutseni madokotala za opaleshoni yakale ya chifu ija, poti angachiike m'thumbo laling'ono.

Podikira zonsezi, bambo adye. Wodulidwa chifu amakhuta msanga, magazi amachepa, vitamini B12 amasowa, choncho pemphani awayeze magazi. Apatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala losefa lothira nsinjiro ndi dzira, peyala lokanya, nthochi yakupsa kwambiri, mkaka wowiritsa. Shuga wambiri angawachititse chizungulire ndi kutsekula m'mimba. Adye atakhala tsonga, asagone akangotha kudya.

Ululu musauyang'anire. Ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane yosamalira odwala matenda aakulu, kumene amapereka morphine wakumwa, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndipo mungafunsenso pachipatala cha boma ku Thyolo. Tsiku limene madzi kapena malovu akana kutsika, musadikire deti imene anakulemberani, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.