Mafunso a Oimba: Looper Yotsika Mtengo pa Chinkhoswe ndi Pokonzekera Kunyumba

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata woimba gitala ndipo ndimakhala pa Kamwendo m'boma la Mchinji. Mlamu wanga amene amachita malonda ku Chipata anandibweretsera looper, kachipangizo kopondapo kamene kamajambula zomwe munthu waimba n'kumazibwereza. Ndi yotsika mtengo, ili ndi batani limodzi lopondapo ndi kopotokola kamodzi kokwezera mawu. Kunyumba ndimasangalala nayo, koma nditapita nayo ku chinkhoswe kumene ndinaimba ndi anzanga awiri, woimba ng'oma ndi woimba kiyibodi, tinasemphana mpaka ndinaizimitsa nyimbo isanathe. M'masipika munkamvekanso phokoso lolira mosalekeza atangoyatsa jenereta. Anzanga akuti vuto ndi kutchipa kwake. Kodi ndiigulitse kuti ndiyambe kusunga ndalama zogulira ya kampani ya Boss?

YANKHO: Achimwene, musaigulitse. Mavuto awiri amene mwatchulawa akanakupezani ngakhale mukanakhala ndi looper yodula, chifukwa loyamba likuchokera ku phazi lanu ndi makutu a woimba ng'oma, pamene lachiwiri likuchokera ku magetsi.

Anthu ambiri pogula amayang'ana kuchuluka kwa mphindi zimene looper imatha kujambula. Ditto ya kampani ya TC Electronic, imene inatuluka m'chaka cha 2013 ndipo inachititsa kuti timalooper ta batani limodzi titchuke, imajambula mphindi 5, pamene RC-1 ya Boss imajambula mphindi 12. Koma taganizirani nyimbo yoyenda pa liwiro la kugunda 120 pa mphindi: kugunda kulikonse ndi theka la sekondi, choncho mukawerenga 1, 2, 3, 4 kanayi, mwangotha masekondi 8 okha, ndipo nyimbo zambiri za pa ukwati ndi za m'makwaya zimazungulira pa kachigawo kosaposa pamenepo. Yanuyo ikukwanira ndithu.

Luso lonse lagona pa nthawi yopondera. Muyenera kuponda koyamba, koyambitsa kujambula, pa kugunda kwa 1, ndipo kuponda kotsekera kuyeneranso kugwera pa 1 wa chigawo chotsatira, osati pa 4 monga mmene ambiri ongoyamba amachitira chifukwa choopa kuchedwa. Musayambe kujambula kuchokera pa chete. Imbani kachigawoko kawiri kapena katatu kaye mpaka dzanja litakhazikika ndipo phazi likugunda pansi lokha, kenako pondani dzanja lisanaime, ndipo mukatseka pitirizanibe kuimba pang'ono ngati kuti palibe chimene chachitika. Dzanja likaima pa nthawi yotseka, pamatsala kampata kamene kamamveka ngati nyimbo yapunthwa, ndipo kupunthwako kumabwerera nthawi iliyonse imene chigawocho chazungulira. Ndimalangizanso kuti pokonzekera muzivala nsapato zomwezo zimene mudzavale pokaimba, muli chiimire, chifukwa phazi lozolowera kuponda ndi patapata muli pampando silimva batani mofanana mukavala nsapato ya chikopa.

Tsopano za kusemphana ndi woimba ng'oma. Anthu akamaimba limodzi amamverana. Wina akathamanga pang'ono, anzake amamutsatira kapena kumubweza osadziwa n'komwe kuti akutero. Looper simva munthu. Ili ngati chigayo, chimene chikayamba kuzungulira sichiyang'ana amene akuthira chimanga. Ngati woimba ng'oma akutsogola ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pa kuzungulira kulikonse, chinthu chimene khutu silingachigwire poyamba, pakutha pa maulendo khumi amakhala atatsogola ndi sekondi yathunthu, kumene kuli kugunda kuwiri pa liwiro lija la 120. Pamenepo ndi pamene anthu amayamba kuyang'anana. Njira yake ndi yakuti woimba ng'oma avomere kuti pa nyimbo imeneyo mtsogoleri ndi looper, ndipo aziimva bwino kuposa wina aliyense. Masipika a pa chinkhoswe amayang'ana kwa anthu, woimba ng'oma n'kukhala kumbuyo akumva ng'oma zake zokha, choncho mumuikire sipika yaing'ono pambali pa khutu lake, ndipo m'chigawo chimene mwajambula mukhale kugunda komveka bwino, monga kukwapula zingwe mutazigwira ndi dzanja lamanzere kuti zisalire.

Komabe ndinene maganizo anga mosabisa. Pa nthawi ya pelekanipelekani, amayi akamavina kupita kutsogolo ndi ndalama m'manja, nthungululu zili pakamwa, liwiro la nyimbo limakwera lokha, ndipo woimba ng'oma waluso amakwera nalo chifukwa akuwerenga miyendo ya anthu. Kukwera kumeneko ndiko kukoma kwa mwambo wathu, ndipo sindingakulangizeni kuti mukumange ndi makina. Mukakhala ndi gulu, looper muziigwiritsa ntchito poyambira nyimbo anzanu asanalowe, kapena pa nyimbo yodekha pamene alendo akudya, ndipo magule akafika pachimake muziisiya. Malo ake enieni ndi pamene muli nokha kapena muli awiri ndi woimba pakamwa, monga pa phwando laling'ono kapena pa malo odyera, pamene munthu mmodzi amafunika kumveka ngati atatu.

Pali chinthu chimodzi chimene looper ya batani limodzi imavutadi pa siteji, ndicho kuimitsa. Pa zambiri za mtundu umenewu, kuponda kamodzi kumajambula, kupondanso kumaseweretsa, kupondanso kachitatu kumawonjezera mawu pamwamba pa oyamba aja, kuponda n'kugwiritsitsa kumachotsa zimene mwangowonjezera kumene, ndipo kuimitsa kumafuna kuponda kawiri mofulumira. Wotsogolera mwambo akakweza dzanja kuti alengeze ndalama zimene zaperekedwa, amafuna chete nthawi yomweyo. Phunzirani kuyamba kupondako kugunda komaliza kusanafike kuti kuponda kwachiwiri kugwere pamene nyimbo ikuthera, ndipo gwirani zingwe pa nthawiyo, chifukwa kuponda koyamba kumatha kutsegula kujambula kwa kanthawi n'kulowetsa kaphokoso kosafunika. Ngati tsiku lina mudzafune kugula ina, chifukwa chomveka chidzakhale chimenechi: Ditto X2 ili ndi batani lachiwiri limene lingathe kukhala loimitsira, ndipo RC-1 ili ndi polumikizira batani lina lapadera.

Za phokoso lija, yambani mwayang'ana adaputala. Pafupifupi zipangizo zonse zopondapo za gitala zimafuna 9V DC, ndipo pakati pa pulagi yake payenera kukhala negative. Chizindikiro chake chimajambulidwa pafupi ndi polowetsera magetsi kapena kunsi kwa chipangizocho. Ma adaputala ambiri a ma decoder ndi ma router amene amagulitsidwa pa msika ndi a 12V ndipo pakati pake ndi positive. Pulagi imatha kulowa bwinobwino, koma looper ikhoza kupsa nthawi yomweyo, choncho musabwereke adaputala kwa munthu musanawerenge zolembedwa pa iyo. Ngakhale ya 9V yeniyeni, ikakhala yosapangidwira zoimbira, imalowetsa kulira m'mawu, ndipo magetsi a jenereta, amene amakwera ndi kutsika, amakulitsa vutolo. Kulira kwina kumabwera pamene looper yalumikizidwa pa soketi ina, mikisa pa soketi ina yakutali, choncho zonse zizidyera pa ekisitenshoni imodzi. Ngati mwini zokuzira mawu ali ndi DI box, kabokosi kolumikizira zoimbira ku mikisa, dutsitsani mawu a looper pamenepo ndipo muyese kabatani kake kolembedwa kuti ground lift, kamene kamathandiza kuthetsa kulira kotere. Chimene simuyenera kuchita ndi kuthyola kapena kumasula waya wa earth pa pulagi ya ampulifaya pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa zingwe za gitala zili m'manja mwanu ndipo magetsi athu ndi a 230V.

Njira imene ndimaikonda kwa oimba a kumadera monga kwanuko, kumene magetsi a ESCOM amathima mwambo uli mkati, ndi power bank ya foni pamodzi ndi kachingwe kokweza 5V kufika pa 9V, bola pakati pa pulagi yake pakhale negative. Looper imadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo ikakhala pa batire siikhudzidwa ndi kusinthasintha kwa jenereta.

Kunyumba ndi kumene kachipangizoka kadzakubwezerani zambiri. Jambulani ma chord a nyimbo imene mukuphunzira, ikani gitala pansi, mumvetsere ngati kuti akuimba ndi munthu wina; mudzamva pamene mumathamanga, pamene chala sichikanikiza bwino, ndi pamene mumachedwa posintha. Poyala mawu, yambani ndi kugunda, kenako mzere wa besi pa zingwe ziwiri zikuluzikulu, kenako ma chord opepuka, ndipo mulekere pomwepo kuti patsale malo a mawu anu kapena a solo. Mukawunjika kasanu kapena kasanu ndi kamodzi zonse zimasanduka phala, makamaka pa sipika yaing'ono. Mawu a looper akhale otsikirapo pang'ono poyerekeza ndi gitala imene mukuimba pamwamba pake. Ngati muli ndi zipangizo zina zosinthira kamvekedwe ka gitala, looper ikhale kumapeto kwa mzere, kuti zimene mwajambula zisasinthe pamene mwasintha kamvekedwe ka solo. Ndipo musasirire kwambiri ma looper amene ali ndi ng'oma zake m'kati, chifukwa zambiri mwa ng'omazo ndi za 4/4, zowerenga 1, 2, 3, 4, pamene nyimbo zathu zochuluka zimayenda m'magulu a kugunda kutatukutatu, kumene oimba amalemba kuti 6/8 kapena 12/8. Kugunda kotere mudzakupanga bwino ndi dzanja lanu pa gitala.

FUNSO: Ndimaphunzitsa kwaya ya achinyamata ku Mkanda, ku Mchinji komweko. Kodi looper yotereyi ingathe kujambula mawu a pakamwa, kuti ndiziyala soprano, alto, tenor ndi bass ndekha pophunzitsa nyimbo yatsopano?

YANKHO: Mayi, ingathe, ndipo ndi ntchito yabwino kwambiri, koma maikolofoni musailumikize mwachindunji. Polowetsera pa looper yotsika mtengo ndi pa jack ya gitala, pamene maikolofoni ya pulagi ya mano atatu, yotchedwa XLR, imatulutsa mawu ofooka amene amafunika kukwezedwa kaye. Lowetsani maikolofoni mu mikisa yaing'ono, mutulutse mawu kuchokera mu mikisamo kupita ku looper, ndipo kuchokera ku looper apite ku sipika. Mukweze pang'onopang'ono, chifukwa mphamvu ya mikisa ikachuluka mawu amasweka.

Chenjerani ndi sipika. Pamene mukuwonjezera alto, maikolofoni imamvanso soprano amene akutuluka mu sipika n'kumujambula kachiwiri, ndipo pofika pa bass mawu onse amakhala atachita chifunga, mwinanso kuyamba kulira. Imani kumbuyo kwa sipika, maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, kapena jambulani zonse ndi mahedifoni ana asanafike. Looper ya batani limodzi singathe kuzimitsa alto yekha n'kusiya enawo, imangochotsa chimene mwawonjezera komaliza, choncho liwu limene mukufuna kuphunzitsa tsikulo mulijambule pomalizira, kuti ana akaligwira mulichotse, iwo aziimba okha pamwamba pa mawu atatu otsalawo.