Tafunsani: Kodi Beira ndi mzinda wotani?

Funso: Achimwene, mwana wanga wayamba ntchito yoyendetsa thanki ya mafuta pakati pa Blantyre ndi Beira. Chimvereni za namondwe wa Idai, mtima wanga suli m'malo. N'chifukwa chiyani madzi amauvuta chonchi mzindawu? Nanga kuli anthu ochuluka bwanji, ndipo mwanayu azikamvana nawo? *Mayi wa ku Chilomoni*

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndaimva. Ine ku Beira ndinafikako kawiri, ndipo chinandidabwitsa n'chakuti kulibe ngakhale kaphiri. Inu amene mukadzuka mumaona Michiru mungasowe poponya maso. Malo onse ndi athyathyathya, mwakuti mpunga amalima mumzinda momwemo.

Mzindawu, womwe ndi likulu la chigawo cha Sofala, anaumanga padambo pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere. Buzi nawo umathira chapomwepo. Nyanjayo si yofatsa ngati yathu ya ku Mangochi: imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, nthawi zina ndi mamita 6, ndipo madera ena ndi otsika kuposa pomwe madzi amalekeza akakwera. Tsono mvula ikagwa nyanja ili yodzaza, madzi a m'ngalande amasowa kolowera, amangoti tayale m'makomo mwa anthu. Kamtsinje ka Chiveve, kodutsa pakati pa tauni, anachita kukaikira zitseko zoti azitseka nyanja ikakwera, n'kutsegula ikaphwa. Apwitikizi anasankha malowa m'zaka za m'ma 1880 chifukwa pamathiriro a mtsinje mpabwino kukocheza sitima. Ankaganiza za katundu, osati za nyumba za anthu. Dzina loti Beira linachokera kwa kalonga wawo Luís Filipe, wotchedwa Kalonga wa Beira, amene anafikako mu 1907.

Kalembera wa 2007 anapeza anthu 431,583, ndipo pofika 2017 anali atapitirira theka la miliyoni. Ndiye kuti ndi wocheperako kwa Blantyre, ndipo ku Mozambique ndi wachinayi, pambuyo pa Matola, Maputo ndi Nampula. Koma chimene chimandiwawa ine si kuchuluka kwawo ayi, ndi komwe amagona. Ambiri anathawira kumeneko pa nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992, n'kumanga pamene panali pa chabe: m'zithaphwi. Ku Munhava, kufupi ndi doko, nyumba n'zothithikana kuposa ku Ndirande. Ku Praia Nova asodzi amagona mafunde akuwomba pakhomo. Ndinaonanso Grande Hotel, hotela imene inatsekedwa mu 1963. Lero mukukhala mabanja ambirimbiri, zovala zili yaniyani m'mazenera mopanda magalasi. Idai atafika usiku wa pa 14 Malichi 2019, madenga oyamba kusasuka anali a anthu a m'madera ngati amenewa.

Za chilankhulo musade nkhawa. Kumaofesi ndi Chipwitikizi, koma pamsika amalankhula Chisena ndi Chindau. Chisenacho n'chapachibale ndi cha ku Nsanje, choncho mwana wanu sagona ndi njala chifukwa chosowa mawu.

Mumuuze kuti kuyambira Disembala mpaka Epulo azimvetsera zanyengo asananyamuke. Msewu wa EN6, wopita ku Beira, umadutsa m'chigwa cha Pungwe pakati pa Nhamatanda ndi Dondo, ndipo nthawi ya Idai unaduka kwa masiku angapo. Akamva kuti kunyanja kukubwera namondwe, aimike thankiyo ku Chimoio, komwe n'kokwera, akuimbireni foni muli mtima phee.