Kubisira agogo matenda mu The Farewell

Achemwali, mwafunsa ngati banja la mu filimu ya The Farewell silinachite nkhanza pobisira agogo kuti ali ndi khansa. Ine ndikuti ayi, ngakhale nkhaniyi ndi yowawa.

Lulu Wang anakonza filimuyi, yomwe inatuluka mu 2019, kuchokera pa zimene zinachitika m'banja lake lenileni. Billi, mtsikana amene filimuyi ikukamba za iye, anakulira ku New York, agogo ake aakazi ali ku Changchun, ku China. Madokotala atapeza khansa ya m'mapapo anauza mng'ono wa agogowo, iye n'kupita kukawanamiza kuti palibe choopsa. Kenako abale anafulumizitsa ukwati wa Hao Hao, mwana wa bambo ake aakulu a Billi, kuti onse apeze chifukwa chobwerera kwawo kudzaonana ndi agogo komaliza.

Billi akuganiza monga anaphunzirira ku America, kuti matenda ndi a mwini thupi, ayenera kuuzidwa. Bambo ake aakulu, a Haibin, akumuyankha kuti Billiyo akufuna kuulula pofuna kutula katundu amene wamulemera, pamene udindo wa banja ndi kusenzera agogo manthawo. Musawaone ngati munthu wouma mtima. Pa phwando la ukwati akuimirira kuti athokoze mayi awo, mawu akukanika, akulira ngati mwana pamaso pa alendo. Agogowo akungoti ndi chisangalalo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti agogowo anachitanso zomwezo kwa amuna awo pamene ankadwala. Mwambowu akuudziwa bwino, mwina akuonanso zimene ana awo akuchita, koma angokhala chete. Ndipo Billi yemwe ankatsutsa uja ndi amene akuthamanga kukaonetsetsa kuti pepala la kuchipatala lasinthidwa agogo asanaliwerenge.

Ifenso izi si zachilendo. Wodikirira matenda akamva zoona kwa adokotala amabwerera pa bedi n'kunena kuti "mupeza bwino, idyani phala."

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: munthu wobisiridwa amalandidwa mwayi wosiya mawu, wokhululukirana ndi amene anayambana nawo, wonena za munda ndi ana. Chimenecho n'chachikulu, ndipo filimuyi siikuchipeputsa. Kumapeto akulemba kuti agogo enieni a Wang anali adakali moyo patatha zaka 6 chipezereni matendawa, koma sindikuona kuti zimenezo zikutsimikizira kuti kubisa ndi mankhwala. Khansa imayenda mosiyana mwa munthu aliyense.