Azule dzino lero, chitsulo alowetse lero lomwe. Nanga fupa?

Achemwali ena a ku Johannesburg andilembera imelo. Dzino lawo lakutsogolo, lam'mwamba, lathyokera mkati, ndipo dokotala akuti alizula n'kuikamo implant (kachitsulo ka titaniyamu kolowa m'fupa m'malo mwa muzu wa dzino) tsiku lomwelo. Akufunsa kuti: "Ndamva kuti fupa la nsagwada limaphwa dzino likachoka. Kodi kuika implant pompopompo kumaliteteza?"

Achemwali, funso lanulo landikumbutsa zowawa. Langa linathyoka ndi kamwala ka mumpunga pa ukwati wa msuweni wanga. Ndinangomva kuti khoo, mpunga n'kusanduka mchenga m'kamwa. Kuchipatala china cha mano, kunja komweko, dokotala anandiuza motsimikiza kuti chitsulocho chikalowa msanga chimagwira fupa, silingaphwe. Ndinatuluka masana omwewo ndili ndi dzino loyembekezera loyera bwino, n'kujambula chithunzi kutumizira abale kumudzi. Patapita miyezi, nkhama zinayamba kukwera. Dzino lija linkaoneka lalitali kuposa linzake, ndipo pamwamba pake panabwera kamthunzi kotuwa. Pazithunzi ndinayamba kumwetulira nditatseka pakamwa, anzanga n'kumati ndayamba matama.

Dokotala wachiwiri, mayi wofatsa, anandijambula ndi makina a CBCT amene amaonetsa fupa mbali zonse, kenaka anatembenuzira kompyuta kwa ine. Mbali ya kumlomo, khoma la fupa linali litatha chakumapeto kwake, mizeremizere ya chitsulo ili pamtunda, chophimba chake nkhama zokha. Anandifotokozera kuti muzu wa dzino umamangirizidwa ku fupa ndi timinyewa ting'onoting'ono, ndipo kafupa kozungulira muzuwo kamadalira timinyewa timeneti komanso magazi odutsa momwemo. Dzino likazulidwa timinyewa timapita nalo, kafupako thupi n'kuyamba kukasungunula. Pa mano akutsogolo am'mwamba, khoma lakunjalo nthawi zambiri silikwana n'komwe milimita imodzi. Ndi chigoba cha dzira. Titaniyamu alibe timinyewa, alibe mitsempha ya magazi. Angalidyetse bwanji fupa limenelo?

Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti nkhaniyi siyatsopano. Mu 2003, wofufuza wina dzina lake Schropp ndi anzake ku Denmark anayeza malo ozulidwa mano am'mbali ndi akumbuyo, n'kupeza kuti m'chaka chimodzi fupa limachepa m'lifupi pafupifupi ndi theka, ndipo magawo awiri mwa atatu a kuchepako amachitika m'miyezi itatu yoyamba. Mu 2005, ofufuza ena, Araújo ndi Lindhe, anayesa pa agalu: anazula mano, n'kuika ma implant nthawi yomweyo, koma khoma lakunja linaphwabe. Ndiye dokotala amene lero akuuza wodwala kuti chitsulo pachokha chimasunga fupa, kaya sawerenga kaya akuthamangira ndalama. Ine sindionapo chifukwa chachitatu.

Zotsatsa malonda za "dzino latsopano tsiku limodzi" ndimadana nazo kwambiri. Per-Ingvar Brånemark, amene anaika ma implant a titaniyamu mwa munthu koyamba ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, mu 1965, ankawakwirira m'nkhama kwa miyezi kuti fupa ligwirane ndi chitsulo mosasokonezedwa, ndipo wodwala wake woyamba uja anakhala nawo zaka zoposa 40 mpaka kumwalira. Ife lero tikufuna tilowe m'mawa, madzulo tikakukute chimanga chootcha.

Pena ndimaganiza za malume anga. Kwathu dzino likawawa mankhwala ake n'kuzula basi, za fupa palibe amazitchula. Iwo anazulitsa limodzilimodzi mpaka masaya analowa mkati, ndipo atawapangira mano ochita kuvala, ankangoseweraseweramo chifukwa panalibe poti n'kukhazikika. Anawasunga m'kabati, ankawavala popita ku msonkhano wa mpingo wokha. Tonse tinkati ndi ukalamba.

Komabe musamve ngati ndikukuletsani. Kuika tsiku lomwelo kuli ndi ubwino wake: opaleshoni imakhala imodzi, ndipo simuyenda m'tauni ndi magweru. Kumatheka bwino ndithu ngati malowo ali oyenera ndipo dokotala akudziwa kuti fupa liphwa, n'kukonzekeratu.

Zoti mukafunse asanagwire dzinolo

Akujambuleni CBCT kaye, ndipo akuonetseni khoma lakunjalo ngati lili lathunthu komanso kukhuthala kwake. Funsani mmene azulire: ayenera kutulutsa muzu pang'onopang'ono, kuudula zidutswa ngati kuli kofunika, osagwedezera kumlomo, ndiponso osasenda nkhama pafupa ngati n'kotheka, chifukwa nkhamazo n'zimene zatsala zopatsa khomalo magazi. Chitsulo chisakhale chonenepa chodzaza dzenje lonse. Chikhale chakumkati, mbali ya m'kamwa, kusiya mpata pakati pa icho ndi khoma lakunja, ndipo mpatawo, makamaka ukafika mamilimita awiri, authire ufa wa fupa. Wofala kwambiri ndi wa fupa la ng'ombe loyeretsedwa, monga Bio-Oss, chifukwa susungunuka msanga. Suletsa kuphwa konse, umangochepetsa. Ngati nkhama zanu zili zopyapyala, ena amawonjezera kamnofu kotapa m'kamwa mwanu momwe. Dzino loyembekezeralo lisamagundane ndi lam'munsi, ndipo musalumire nalo kalikonse.

Mbali yanu ndi iyi: fodya musiye, shuga ngati muli naye akhale wotsika bwino, matenda a nkhama achizidwe kaye.

Akapeza kuti khoma lasweka kapena pali mafinya ambiri, musakakamire za tsiku limodzi. Angathe kudikira milungu inayi mpaka isanu ndi itatu kuti nkhama zipole, kapena kudzaza dzenjelo ndi ufa wa fupa n'kudikira miyezi ingapo. Tsiku loika dzino lokhalitsa mupemphe X-ray ndipo muisunge mufoni, kuti chaka ndi chaka pakhale pofanizira. Chaka choyamba chikadutsa, fupa lozungulira implant siliyenera kutsika kuposa mamilimita 0.2 pachaka.