Kodi njala ya mayi woyembekezera imafika ku ubongo wa mwana?

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo chaka chino kwathu sitinakolole mokwanira. Ndinamva pa wailesi kuti njala ya mayi imasintha majini a mwana, moti ubongo wake sukula bwino. Kodi zimenezi n'zoona? — Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, majini akunenedwa apawa si mizimu yoipa ija ayi, koma malangizo omwe mwana amatengera kwa makolo, olembedwa mu DNA, tinthu tonga ulusi topezeka m'maselo a thupi. Njala sifufuta malangizowo. Imasintha mmene thupi limawawerengera. Timankhwala totchedwa methyl timamatirira pa DNA n'kuchititsa kuti jini ina igwire ntchito mofooka kapena ikhale chete, ndipo maphunziro a zimenezi ndiwo amatchedwa epigenetics.

Umboni womveka unachokera ku Netherlands, komwe asilikali a Germany anatseka njira za chakudya m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, anthu pafupifupi 20,000 n'kufa ndi njala. Mu 2008, Bastiaan Heijmans ndi anzake anapeza kuti anthu amene amayi awo anatenga mimba zawo m'nthawi ya njalayo anali ndi methyl wochepa pa jini yoona za kakulidwe ya IGF2 powayerekeza ndi abale awo, ngakhale panali patapita zaka 60. Amene njalayo inapeza amayi awo mimba itakula kale analibe kusiyanaku. M'gulu loyamba lija matenda a maganizo a schizophrenia anapezekanso mowirikiza kawiri, komabe ochuluka zedi sanadwale.

Chimene wailesi mwina sinanene n'chakuti anyamata obadwa m'nyengoyo atayesedwa nzeru polowa usilikali, sanatsalire kwa anzawo. Njala yawo inali ya miyezi yochepa, ndipo itatha anadya bwino. Ine ndimaopa kwambiri njala yosatha ya kwathu kuno, yomwe inachititsa kuti kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 apeze ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira.

Chisamaliro nachonso chimasiya chizindikiro. Mu 2004, gulu la Michael Meaney ku McGill University, ku Canada, linaonetsa kuti ana a makoswe onyambitidwa kwambiri ndi amayi awo ankakula osachita mantha msanga, chifukwa jini yoletsa mahomoni a nkhawa mu ubongo inkagwira bwino ntchito. Khoswe si munthu, koma phunziro lake si lonyozeka.

Popeza miyezi yoyambirira ndiyo yofunika kwambiri, musadikire kuti mimba ionekere. Yambani sikelo sabata ino, muwauze anamwino za kuchepa kwa chakudya pakhomo, muzimwa mapiritsi a ayironi ndi folic acid, ndipo pansima pasasowe usipa, nyemba kapena masamba otendera, othira mchere wa ayodini.